Foni Yanga Pamaso pa Ankhoswe

Foni imene inatsala pang'ono kundithetsera banja inabwera kuchokera ku Joni itakulungidwa m'masokosi awiri, mkati mwa nsapato yatsopano ya mwana wathu woyamba. Anaitumiza ndi amuna anga, amene panthawiyo anali atatha chaka chimodzi kumeneko akumangira anthu olemera mipanda, kwathu kuno mbuzi zikulowa m'khitchini mmene zafunira. Inali yatachi, yodzaza chikhatho, ndipo sabata yoyamba ndinkaitulutsa ngakhale isanalire, kungoti azimayi a pamjigo aione. Sindikubisa, ndinanyada.

Pangano lathu linali losavuta. Iwo amapuma pantchito dzuwa likafika paliwombo, ndipo nthawi imeneyo ankaimba. Ntchito yanga inali kukhala ndi foni yamoto, kaya ndili kumunda, kaya kuchigayo, kaya kumaliro. M'mudzi mwathu, kuseri kwa Chiringa, magetsi timangowaonera m'mwamba mawaya akudutsa, choncho ndinkatchajitsa kwa wometa wathu amene ali ndi sola padenga. Kutchaja kamodzi kunkanditengera masiku awiri, mwinanso n'kadzutsa pa tsiku lachitatu.

Azimayi anzanga amene amuna awo ali ku Joni ankadandaula ndi mafunso: uli kuti, uli ndi ndani, akutsokomola pambalipo ndani. Anga sankafunsa. Ankangoti, "Mwabwerako bwino kumsika?" ine ndisanatchule n'komwe za msika. Ndinkadziwa ine wouza: mlamu wanga wamkazi, mchemwali wawo wa m'mudzi woyandikana nafe, amene pakamwa pake sipatsekeka ngakhale akudya. Ndinamusala miyezi ingapo, ngakhale mchere osamugawira.

Ndiye m'mawa wina foniyo inandifunsa funso m'Chingerezi. Chingerezi changa n'cha folomu thu, chokwanira kumva kuti ikufuna apudeti, ndiko kuti kudzikonza yokha m'kati mwake. Inali itafunsapo kangapo ine n'kumakana. Tsiku limenelo ndinali ndi bandulo yonenepa ndi mtima wabwino, ndiye ndinadina povomera. Inathima, inayaka, inaonetsa kamzere koyenda mwaulesi, ine ndikusenda nandolo pambali. Itadzuka inali itasintha nkhope: tizithunzi tamakona tonse tasanduka tozungulira. Ndinati bola, yavala zatsopano popanda kundipempha sopo.

Kuyambira tsiku limenelo foni yanga inagwidwa ndi njala. Ndikaitenga kwa wometa m'mawa ili pa handiredi, pofika pakhomo ili pa eyite. Ndikatunga madzi n'kusesa, fifite. Inkatentha m'chitenje ngati mbatata yootcha, osaigwira, osaiimbitsa nyimbo, ili chigonere. Ndipo inali ndi nkhanza yosankha nthawi: inkathima dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, mphindi zochepa amuna anga asanaimbe.

Woyamba kulandira mkwiyo wanga anali wometa. Ndinamuuza pamaso pa makasitomala ake kuti moto wa sola yake ndi wamadzimadzi, ndipo akutipatsa wosungunula. Iye sanasiye n'kumeta komwe.

"Mayi, dzuwa ndi lomweli likutchaja mafoni a mudzi wonse," anatero. "Kapena yanuyo ikufuna dzuwa la ku Joni?"

Mawa lake ndinapalasa njinga mpaka pa Chiringa kuti ikamwe magetsi enieni a m'mawaya. Inamwa, inakhuta, ndipo inathima ndisanamalize kuphika ndiwo. Ndinachepetsa kuwala kwake mpaka ndinkachita kufunda chitenje kumutu masanasana kuti ndiwerenge uthenga, anthu n'kumaganiza kuti ndikulira. Ndinaigoneka pamchenga wonyowa pansi pa mtsuko kuti izizire. Inazizira ndithu, koma inafa yozizira. Mayi wina wa gulu lathu la mapemphero anaisanjika manja, n'kuwachotsa msanga, ati kutentha kumeneko iye akukudziwa, si kwa batire.

Malangizo amene ananditayitsa kwambiri anachokera kwa mnzanga wa kukwaya. Iye anati nkhani n'njapoyera: foni yalemedwa. Munthu wosenza thumba la chimanga satopa mofanana ndi wosenza mpango, ndiye ndichotsemo zithunzi. Zinandimvekera zanzeru. Ndinakhala pakhonde n'kufufuta zithunzi zonse za tsiku lomanga chiliza cha mayi anga, mavidiyo a gule wa tchopa, ngakhale chithunzi cha mwana wathu wotsiriza akuyamba kuyenda, chimene bambo ake anachionera pafoni pomwepo chifukwa anachoka ali m'mimba. Nditamaliza ndinaiyesa m'manja ngati yapepukadi. Mawa lake inathima nthawi yake yomwe ija. Madzi akatayika saoleka, ndipo tsiku limenelo ndinaliradi, popanda kufunda chitenje.

Uku ine ndikulimbana ndi mtsuko ndi mapemphero, ku Joni nkhani inali itapsa kale mwa mtundu wina. M'mawa uliwonse ndikaiyatsa kwa wometa ndinkapeza aimba kasanu, kasanu ndi kamodzi, ndi mauthenga a mawu pamwamba. Oyamba anali odandaula. Otsatira anali aulemu wozizira, uja umapweteka kuposa kutukwana.

"Mayi a ana, foni imathima bwanji masana okhaokha? Ndi batire lotani lodziwa wotchi?"

Ndinafotokoza za apudeti. Anati yawo nayonso inapanga apudeti koma sinayambe kubisala. Kenako kunabwera uthenga umene unandiimitsa mutu.

"Lachitatu ku Mozambique mumakatani?"

Ku Mozambique! N'zoona kuti malire ali pafupi, ndipo agogo athu anachokera komweko, koma ine Lachitatu lonse ndinali pakhomo ndikuphika nyemba za kalongonda. Aliyense wodziwa kalongonda akudziwa kuti woiphika sapita ngakhale kwa oyandikana nawo nyumba: umataya madzi, kuthira ena, kutaya, kuthira, mpaka dzuwa kupendeka. Ndinawayankha choncho, mawu anga atakwera pang'ono. Anati nkhaniyi aipereka kwa ankhoswe.

Apa m'pamene ndinachita mantha enieni. Kwathu mkazi akaitanidwa pabwalo la ankhoswe pa nkhani ya mtundu umenewu, ngakhale apambane, dzina lake limatsala lili ndi fungo. Pamjigo anthu anayamba kutsitsa mawu ndikafika. Ndinali nditalera ana atatu ndekha zaka zinayi, kulima ndekha, kufolera ndekha, ndipo tsopano banja langa linali m'manja mwa kanthu kotentha kamene ndinkakagoneka pansi pa mtsuko.

Ankhoswe anakumana Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu. Kumbali yanga kunali atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi anga, mlimi wa mpunga amene amakonda mlandu kuposa nyama. Kumbali ya amuna anga kunabwera achimwene awo aakulu, mkulu wa mpingo, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Alamuwo anayala nkhani mwaulemu wonse: mng'ono wawo akuvutika kunja, mkazi akuthimitsa foni masana, ndipo pali mbiri ya ulendo wa kutsidya.

"Waona ndani?" anafunsa atsibweni.

"Mng'ono wanga akuti akudziwa."

"Ali ku Joni akudziwa? Maso ake ndi atali bwanji! A nkhoswe anzanga, pano pali oimbidwa mlandu awiri, mwana wa mchemwali wangayu ndi foni. Uyu walankhula kale. Tiyeni timve winayo."

Ndiye anakonza zoti foni iyesedwe ngati munthu. Ndinali nditabwera nayo kuchokera kwa wometa ili yothimitsa, nditaiyatsa inali pa handiredi, ndipo alamu anavala magalasi awo n'kutsimikiza nambalayo. Atsibweni anaitanitsa lichero, anaiika pakati pake, n'kuliika pamphasa pakati pa tonse atatu. Lamulo linali lakuti wina asaigwire kupatula alamu, amene azidina kambali kake nthawi ndi nthawi n'kuwerenga mokweza.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero atsibweni, akudzikonza bwino pampando.

Sindinaonepo akuluakulu awiri akuyang'anitsitsa lichero chotero. Ndinawapatsa thobwa, anamwa maso ali pomwepo. Nkhuku ina itayandikira, onse awiri anaithamangitsa ngati yabwera kudzasokoneza umboni.

"Naintewanu," anawerenga alamu.

Anakambako za mvula ndi za mbalame zimene zikutha mpunga kuchigwa.

"Seventefolo."

Atsibweni anayamba kuimba mluzu. Pa fifite alamu anavula jekete. Pa sate anagwira kumsana kwa foni ndi chala n'kuchichotsa msanga, akuyang'ana chalacho. Pa teni onse awiri anasendeza mipando pafupi ndi lichero. Mthunzi wa mango utatsala pang'ono kubwerera pansi pa tsinde lake, foni inanjenjemera kamodzi m'licheromo n'kuda bii.

"Yafa pamaso panu, a mkulu wa mpingo," anatero atsibweni. "Muiimbire nyimbo."

Ine ndinkaganiza kuti zatha. Koma alamu si munthu wogonja msanga. Anapukuta magalasi nthawi yaitali, kenako anati iwo aona foni ikuthima, inde, koma sanaone chimene chaithimitsa. Mwina inachitidwa kanthu dala kuti izitero. Ndikanakhala kuti sindinaleredwe bwino, lichero lija likanatera pamutu wa mkulu wa mpingo.

"Tiyeni nayo kwa odziwa," ndinatero. "Lero lomwe. Muinyamule nokha, alamu, kuti ndingaiuze zonena panjira."

Tinapalasa njinga zitatu kupita pa Chiringa, foni ili m'thumba la jekete. Wokonza mafoni amene onse awiri anamuvomereza ndi bambo wina wachisilamu wa ndevu zoyera, amene kale ankakonza mawailesi ndi mawotchi, ndipo kabenchi kake kali pakhonde la sitolo ya nsalu. Tinamupeza akuchokera kumzikiti. Anamvetsera nkhani yonse osatidula, ngakhale atsibweni anaiyambira pa tsiku la chinkhoswe changa. Ndinamuuzanso za mtsuko ndi za zithunzi. Pa zithunzipo anatseka maso kanthawi.

"Mayi, chithunzi sichidya moto. Chimangogona. Amene anakuuzani zimenezo asakuuzeninso za mankhwala a mwana."

Anailumikiza kumagetsi, anadikira kuti idzuke, n'kulowa m'kati mwake mwa makonzedwe, kumene ine sindinkafikako chifukwa choopa kuononga. Anafotokoza kuti foni ikangopanga apudeti imatha tsiku limodzi kapena awiri ikusesa m'nyumba mwake, ndipo masiku amenewo imadya moto kwambiri, koma masabata atatu si kusesa. Anatsegula tsamba lina limene limaonetsa mndandanda wa zonse zodya batire, chachikulu pamwamba, tating'ono pansi.

"Foni siinama pa nkhani ya chakudya," anatero. "Imalemba aliyense amene wadya."

Pamwamba penipeni panali kanthu kamene sindinkakadziwa, ka chithunzi chotuwa chosaoneka bwino, ndipo mzere wake unali wautali kuposa ena onse kuwaphatikiza. Bamboyo anakadina n'kuwerenga. Kenako anandiyang'ana ine, osati amuna awiriwo.

"Foniyi munagula nokha?"

"Anatumiza amuna anga."

"Ndinene pano, kapena tipite pambali?"

"Nenani pompano. Awa abwerera zomwezo."

Ananena mosakweza mawu. Kanthuko ndi kapulogalamu kolondola munthu. Ntchito yake ndi kuuza foni ina, kulikonse kumene ili, malo amene foni iyi yafika, ndipo mwini wa foni inayo amaona kadontho kakuyenda pamapu. Kale kankagwira ntchito yake mwakachetechete, kulankhula mwa apo ndi apo. Apudeti itabwera kanasokonezeka, n'kuyamba kufunsa malo ndi kutumiza kosalekeza, kulephera, kuyambiranso, osapuma ngakhale mphindi imodzi. Ndicho chinkatenthetsa foni.

"Nanga za ku Mozambique?" anafunsa alamu, mawu atachepa.

"Bambo, kuno foni ikasowa netiweki ya kwathu imagwira nsanja ya kutsidya. Kadonthoko kamalumpha malire, mwini wake ali pakhomo. Ngakhale yanuyo mwina yapitako kangapo sabata ino."

Alamu anagwira thumba lawo mosadziwa.

"Ndipo kanalowa liti?" ndinafunsa.

Anandionetsa tsiku. Linali la m'mbuyo foniyo isanakulungidwe m'masokosi.

Atsibweni anaomba m'manja kamodzi, mokweza, mpaka wa sitolo ya nsalu anasuzumira. Anayamba pomwepo kulongosola za nkhuku ya chipepeso, kuti ikhale tambala, osati kamsoti kodwala, ndipo ibwere ndi alamu okha pa njinga yawo masana anthu akuona. Alamu ankangoyang'ana nsapato zawo. Ndinawamvera chisoni pang'ono, chifukwa anatumidwa kukagwira wakuba n'kupeza kuti thumba lili m'nyumba mwawo.

Ine sindinaseke. Ndinkayembekezera kuti ndikapambana ndidzavina pamsewu, koma chimwemwecho sichinabwere. Ndinaganiza za maulendo onse amene ndinayenda ndi foni imeneyo: kuchipatala ndi mwana wotentha thupi kumsana, kumanda kwa mayi anga, kumunda mvula ikundimenya. Konseko munthu ankandiona ngati kadontho, ndipo anaikamo maso amenewo ndisanalakwe kanthu, tsiku limene ndinkaganiza kuti akundigulira mphatso. Zinandipweteka kuposa mlandu umene.

"Ndikachotse?" anafunsa wokonza uja.

Amuna awiriwo anayamba kuyankha nthawi imodzi. Atsibweni ankati kakhale kaye ngati umboni, alamu ankati mwina tiyambe tamva mwini wake. Bamboyo anakweza dzanja.

"Ndafunsa mwini foni."

Mawu amenewo ndinawamva kukoma. Ndinamuuza kuti asakachotse iye, andisonyeze podina. Anagwira foni, ine n'kudina ndi chala changa chimene, ndipo kanthuko kanazimiririka mosavuta, mosalira n'komwe. Anandionetsanso tsamba la odya batire lija kuti ndizilifikira ndekha, n'kubwezeretsa kuwala kuti ndisiye kuwerengera m'chitenje. Pobwerera ndinainyamula ndekha, ndipo pofika pakhomo inali yozizira ngati mwala wa kumtsinje.

Alamu analonjeza kuti mng'ono wawo amuuza okha tsiku lomwelo. Zikuoneka kuti foni yawo inasowa mayunitsi, chifukwa Lamulungu masana, nditangochokera kutchalitchi, yanga inalira ndipo munthu wa mbali inayo sankadziwa kalikonse. Batire linali pa nainte. Ndinakhala pakhonde, ndinaisiya ilire katatu, n'kuyankha.

"Lero yayaka," anatero, osapereka moni.

"Yachira. Mwaswera bwanji, bambo a ana?"

"Mwaichita chiyani?"

"Ndapita nayo kwa odziwa. Alamu anali pomwepo."

Ndinkamva galimoto zikudutsa kumeneko, ndi amuna ena akuseka chapatali.

"Koma simukuoneka."

"Kuoneka pati?"

Ndinadikira. Masabata atatu apitawo foni ikanathima n'kutipulumutsa tonse awiri, koma tsiku limenelo inali ndi moto wokwanira kudikira mpaka mawa lake, ndipo ine ndinalibe changu. Atalankhula, mawu awo anali a munthu wotopa, osati wa mlandu. Anati m'chipinda chimene amagona amuna asanu ndi mmodzi onse anaika zimenezo m'mafoni a akazi awo. Anati si kuti ankandiganizira zoipa poyamba. Ankati akaweruka, n'kuona kadonthoko kali pakhomo, mtima unkakhala pansi, ngati nawonso afika.

Ndinawamvetsa, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndinkafuna kukalipa popanda kuwamvera chisoni.

"Nanga panopa muli kuti?" anafunsa.

"Pakhomo. Pakhonde."

"Ndidziwa bwanji?"

"Simudziwa. Ndakuuzani basi. Ine zaka zinayi sindinaonepo chitseko cha nyumba imene mumagona. Mukati muli kuntchito, ndimati ali kuntchito. Mukati mwagona, ndimati agona. Ndilibe mapu, ndili ndi mawu anu okha, ndipo ndi amenewo ndalerera ana anu."

Ndinawamva akupuma, kamodzi, kawiri. Mbuzi inalowa m'khitchini ine ndikuiona, koma sindinadzuke.

"N'zovuta," anatero pomaliza, motsitsa kwambiri.

"Eya, n'zovuta," ndinawayankha. "Muzolowera."